Apongozi pa Mpando wa Alendo

Anzake a pantchito ankamutchula kuti Mphindi, chifukwa pakamwa pake sipankachoka mawu akuti, "Pano tikhala mphindi khumi." Kwa zaka khumi ndi chimodzi anakhala akuyendetsa alendo pa ulendo wa masiku anayi: tsiku loyamba mumzinda, masiku awiri kuphiri, lomaliza kugombe la nyanja yamchere. Sunali ulendo wa chigulu ayi. Galimoto imodzi, banja limodzi, ndipo iye yemweyo ndiye anali dalaivala, wofotokoza malo, wojambula zithunzi komanso wonyamula zikwama. Ntchitoyi inali itamulowa m'magazi.

Ulendo uno alendo ake anali mkazi wake ndi apongozi ake aamuna.

Chimwalirireni akazi awo chaka chatha, bambowo ankakhala okha m'nyumba ya zipinda zinayi, kutali ndi ana. Mwezi wapitawo anaterereka kubafa, ndipo anakhala pansi pomwepo mpaka woyandikana nawo nyumba atamva kuitana. Kawiri konse mwana wawo anawapempha kuti asamukire kwa iye, kawiri konse anakana.

"Ndiwapemphanso kamodzi kokha, tsiku lomaliza," anatero mkaziyo akupinda zovala za paulendo. "Anandiuza kuti akakana kachitatu ndisadzawavutitsenso. Ndiye inu a Mphindi, masiku anayi amenewa aone okha kuti kukhala nafe n'kwabwino."

"Zisiyeni m'manja mwanga," anayankha Mphindi. "Palibe mlendo amene anatsika m'galimoto yanga akudandaula."

M'mawa wa tsiku loyamba apongozi anatuluka atavala jekete yotuwa, chikwama chaching'ono chili m'manja. Anali munthu wamapewa aakulu, amene anayendetsa malole a katundu kwa zaka makumi atatu maso asanayambe kuwavuta. Analunjika kuchitseko cha kutsogolo. Mphindi anawatsogolera mwaulemu, nawalanda chikwamacho, n'kutsekula chitseko cha kumbuyo.

"Kuno bambo, mbali ya kumanzereyi. Zonse zokongola zili mbali imeneyi. Madzi akumwa ali apa, ndipo mukamva kuzizira mungonena."

Bambowo anayang'ana mpando wa kutsogolo, pomwe panali mapu ndi kabuku ka ndondomeko ya ulendo, kenaka analowa kumbuyo.

Mumzinda zonse zinayenda bwino. Anaona nyumba yakale ya malamulo, anazungulira chipilala cha pakati pa msewu, anajambulitsa pa masitepe a siteshoni ya sitima. Atafika pa mlatho wachitsulo, Mphindi anaima chofulatira mtsinje monga ankachitira nthawi zonse, nayamba kutchula chaka chimene mlathowo unamangidwa, kutalika kwake ndi kuchuluka kwa misomali yake.

Apongozi anagwira chitsulo cha m'mphepete, nachigogoda ndi chala. "Pano ndinadutsapo ndi lole ya simenti, madzi atafika apa. Mnzanga amene ndinali naye anatsika, akuti iye awoloka wapansi..."

"Zoona bambo?" anatero Mphindi, diso lili pa wotchi. "Mutiuze bwino m'galimoto, chifukwa kunyumba yosungirako zinthu zakale amatseka masana."

M'galimoto nkhaniyo sinapitirire.

Nthawi ya nkhomaliro anawapezera tebulo la pawindo m'malo odyera oyang'anana ndi bwalo la maluwa. Anawakokera mipando, anawauza chakudya chimene chimakoma pamalopo, anaonetsetsa kuti madzi osamba m'manja abwera. Kenaka miyendo yake inamutengera kuseri, kudzera pakhonde la kukhitchini, kukafika pa tebulo lalitali pomwe madalaivala ankadyera.

"Lero wanyamula a kuti, Mphindi?" anafunsa mnzake wina, fupa lili kukamwa.

"Apongozi anga ndi mayi a kunyumba."

Tebulo lonse linafa nacho chiseko.

"Nanga kuno ukutani, iwe? Akuthamangitsa?"

"Mlendo amadya momasuka womuyendetsa akakhala palibe," anatero Mphindi akukhala pansi. "Inu simudziwa ntchito."

"Uyu adzadyera kuseri ngakhale pa ukwati wa mwana wake," anatero wina, chiseko n'kuyambiranso.

Tsiku lachiwiri anakwera phiri. Msewu unali wokhotakhota, mitengo italiitali mbali zonse, ndipo mphepo inkanunkhira utomoni. Mphindi akayang'ana pa kagalasi ankaona apongozi atakhala chowongoka, maso ali pa msewu osati pa zigwa zimene iye ankawalozera. Akamayandikira pokhota, dzanja lawo lamanja linkasuntha lokha pa bondo ngati likufuna giya.

Pamwamba anapeza chifunga. Chigwa chonse, mathithi ndi midzi ya kutali, zonse zinali zitabisika. Mphindi sanatekeseke. Anatulutsa m'galimoto chithunzi chachikulu cha malowo, chojambulidwa tsiku lowala, nafotokoza chilichonse pamalo pake. Anawaveka apongozi chofunda cha pamapewa, anawapatsa ndodo yoyendera, ndipo pa mwala uliwonse ankawagwira chigongono.

"Zikomo, a dalaivala," anatero bambowo.

Mkazi wake anamuyang'ana Mphindi, koma iye anangomva kuti wathokozedwa.

Madzulo, atafika kunyumba yogona alendo ya m'mbali mwa phirilo, anatula zikwama m'zipinda, anayesa mipopi ngati ikutulutsa madzi otentha, kenaka ananyamula kachikwama kake n'kuyamba kutsika masitepe.

"Mukupita kuti?" anafunsa mkazi wake ali pakhomo.

"Kuchipinda cha madalaivala."

"Dzulo ndinakusiyani, ndimati mwina mukukalondera galimoto mumzinda muja. Abale inu, ine ndi mkazi wanu kapena mwaiwala? Mukufuna ndikulembereni kalata yoyamikira pomaliza ulendo?"

Mphindi anaseka mwamanyazi nabwerera. Mkaziyo anatseka chitseko, nkhope yake n'kusintha.

"Bambo asiya kuyankhula. Mwaona?"

"Mlendo akakhala chete ndiye kuti wakhutira."

"Bambo anga akakhala chete ndiye kuti akulongedza mumtima," anatero mkaziyo.

Kutacha, Mphindi anadzuka mamawa kuti akapukute galimoto alendo asanatuluke. Anapeza ntchitoyo itayambika kale. Apongozi anali atavula jekete, atapinda manja a malaya, ndowa ili pambali, akutsuka matope a m'mphepete mwa tayala la kutsogolo. Ankaimba kanyimbo chapansipansi.

"Bambo! Ayi, ayi, chonde!" Mphindi anathamanga nawalanda chinsanzacho. "Anthu akaona ati chiyani? Pitani mukamwe tiyi, izi ndi zanga."

Kanyimbo kanatha. Bambowo anaweramuka pang'onopang'ono, madzi akudontha m'zala.

"Mkamwini," anatero, "mwandisamala. Sindinganame. Chichokereni kunyumba sindinanyamule kanthu, sindinatsekule chitseko, sindinasankhe ngakhale pokhala. Dzulo munandionetsa ndi chigwa cha papepala chomwe, kuti ndisadandaule. Ntchito yanu mumaidziwa."

"Zikomo bambo."

"Musathokoze msanga. Ndikudziwa chimene mwana wanga akufuna kundifunsa mawa. Masiku anayi ndingapirire. Koma paja amati mlendo ndi mame. Tsono inu mukufuna ndikakhale mame kunyumba kwanu mpaka tsiku la imfa yanga? Kudzuka, kupatsidwa tiyi, kuuzidwa pokhala, kugwiridwa chigongono? Kwathu kuja ndikagwa ndimagwa m'bafa langa."

Anapukuta manja pa thalauza, natenga jekete yawo.

"Musamuuze. Ndimuyankha ndekha mawa."

Mphindi anatsala ataima, chinsanza chili m'manja. Anayesa kukumbukira pomwe analakwitsa ndipo sanapapeze, chifukwa chilichonse anachichita monga mwa ntchito. Atayang'ana tayala lotsukidwa theka lija, m'pamene anazindikira kuti cholakwa chake chinali chomwecho.

Anawatsatira pakhonde. "Bambo, bwererani mudzamalize tayala lija."

"Musandinyengerere ngati mwana wolira," anatero bambowo osacheuka. "Ntchito yongopatsidwa kuti nditonthole sindiifuna."

Pa kadzutsa anakhala onse atatu tebulo limodzi, koma mawu anali ochepa. Mphindi sankadziwa poika manja ake. Kawiri anadzuka kuti akaitane woperekera zakudya, kawiri mkazi wake anamukoka malaya.

Tsiku limenelo linali lotsika phiri mbali inayo, kulowera kunyanja. Pofika pa galimoto Mphindi anachotsa mapu ndi kabuku kaja pa mpando wa kutsogolo, naziponya kumbuyo.

"Ndanena kuti musandinyengerere," anatero apongozi.

"Sindikukunyengererani. Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu." Anatsitsa mawu, ngakhale kuti pafupi panali mkazi wake yekha. "Pa mtsetse wa lerowu pali malo amene ndimaimika alendo mphindi khumi ndi zisanu, n'kumati ajambule zithunzi. Kunena zoona palibe chojambula pamenepo, ndi tchire chabe. Ndimaima chifukwa mabuleki amakhala atatentha mpaka kununkha. Amakaniko anaona, akuti ali bwino. Zaka zonsezi ndimatsika phiri limeneli mtima uli m'mwamba."

Bambowo anamuyang'ana. Kenaka anatsekula okha chitseko cha kutsogolo nakhala.

Sanayende mtunda wautali.

"Chotsani phazi pa buleki," anatero apongozi.

"Bambo, kutsogoloku n'kokhota."

"Ndakuona kalekale, ndi maso anga odwalawa. Bwezani giya. Inanso. Imveni injini, ikugwira yokha. Anakuphunzitsani ndani kuyendetsa, wosoka nsapato?"

"Ikulira kwambiri, bambo."

"Isiyeni ilire, ndi ntchito yake. Inu mumaopa kuti alendo amva phokoso, ndiye mumapondereza buleki kuchokera kumwamba mpaka pansi ngati mukupha njoka. Pondani kamodzi mwamphamvu, musiye. Musiye, ndati!"

Kumbuyo mkazi wake anali atavula nsapato, atatambasula miyendo pa mpando wonse, akudya nthochi.

"A dalaivala," anaitana, "mlendo wanu kuno akufuna kudziwa dzina la mtengo uwo."

"Khala chete iwe, tili pa ntchito," anatero bambo ake.

Mphindi anatuluka thukuta ngakhale kunja kunkazizira. Anakalipiridwa pokhota paliponse. Pena anayankha mokweza kuti msewu uwu amaudziwa kuposa munthu aliyense, apongozi n'kumuuza kuti kudziwa msewu ndi kudziwa galimoto ndi zinthu ziwiri. Malo a tchire aja anawadutsa osaima. Atafika pansi bambowo analamula kuti aime, anatsika, nayandikiza chikhatho pa tayala.

"Bwerani mugwire."

Chitsulo chinali chofunda chabe, ngati kapu ya tiyi yoiwalika.

"Mwaona? Komabe pokhota mumalowa mochedwa. Zimenezo si za tsiku limodzi."

Tsiku lomaliza linacha bwino, kopanda mphepo. Ndondomeko inkati m'mawa akaone doko, kenaka akakwere nsanja ya nyali yotsogolera zombo. Kudoko anapita, koma apongozi atawerenga masitepe a nsanjayo ndi maso anati aione ali pansi pomwepo, ndipo Mphindi sanatsutse. Anatsikira kumchenga. Madzi anali atabwerera kutali, atasiya timadamu towala ndi zigoba zambirimbiri. Bambowo analawa madziwo ndi chala, nalavula.

"Madzi onsewa, osathandiza munthu ngakhale kuphikira," anatero.

Anakhala pa bwato lakale lovundikira, mwana wawo pambali pawo. Mphindi ataona kuti nthawi ija yakwana, anayamba kubwerera cham'mbuyo kuti awasiye okha.

"Mukupita kuti, mkamwini? Nyumba tikukambayi ndi ya ndani?"

Anabwerera nakhala pamchenga, moyang'anana nawo.

Mkazi wake anayamba ndi mawu amene anawakonza kwa mwezi wathunthu, koma sanafike nawo patali.

"Ndamva, mwana wanga, usazungulire," anatero bambowo. "Nyumba yanga sindigulitsa. Muli zinthu za amayi ako, ndipo sindinakonzeke kuzigwira. Ndibwera mvula ikayamba, ndikhala mpaka ithe. Ikatha tidzakhalanso pansi, ndipo ndikadzati ndikupita, musadzandiletse."

"Bambo, miyezi inayi yokha?"

"Dzulo m'mawa inali yosakwana ndi umodzi womwe. Funsa amuna akowa."

Mkaziyo anayang'ana Mphindi, Mphindi n'kuyang'ana kunyanja.

"Ndipo mudziwiretu," anapitiriza bambowo, "ine ndimadzuka nkhuku zisanalire. Wailesi ndimatsekula mokweza chifukwa khutu ili linagontha. Zovala zanga ndimachapa ndekha. Mchere mundiwo ndimathira wambiri, adokotala anene zimene anganene."

"Za mcherezo tikakangana," anatero mwana wawo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Tikakangana, inde. Nanga kunyumba anthu amatani?"

Anakhalabe pomwepo kanthawi. Patali asodzi ankakoka bwato lawo kulitulutsa m'madzi, akuwerengera pamodzi asanakoke. Apongozi anawayang'anitsitsa, nati akukokera mbali yolakwika, ndipo anadzuka kuti akawauze.