Loko wa Pakhomo pa a Douwe

Lachiwiri m'mawa, chitseko cha a Douwe Hiemstra chinatsegukira munthu amene sankayenera kulowa.

A Douwe anali ndi zaka 83, ndipo chimwalirire akazi awo ankakhala okha m'kanyumba kawo ka njerwa m'tauni ya padoko ya Harlingen. Miyendo inali itawakana. Bungwe losamalira okalamba linawaikira loko wotsegula ndi foni, kuti namwino akafika m'mawa azingodina n'kulowa. Loko ameneyu ndiye ankawasunga pakhomo pawo. Popanda iye, njira inali imodzi yokha: ku nyumba ya okalamba, kumene a Douwe sankafuna ngakhale kumva dzina lake.

Amene analowa tsikulo anali namwino wina amene anasiya ntchito miyezi inayi m'mbuyomo. Anangobwera kudzawazonda. Anadina foni mwachizolowezi, loko n'kumvera. Mayiyo anachita mantha, ndipo anaimbira Femke, mwana wamkazi wa a Douwe.

Femke ankalemba mapulogalamu a kompyuta kudoko, ndipo anali munthu wosakhalira nkhani pansi. Anaivundukula pulogalamu ya lokoyo n'kupeza vuto: loko sankaiwala munthu. Aliyense amene anapatsidwapo chilolezo, ngakhale atachotsedwa pa mndandanda, ankatha kulowabe. Nanga foni yake ikabedwa? Femke analemba njira yokonzera cholakwikacho m'mizere inayi yokha, n'kulembera kampani yopanga malokowo. Yankho linabwera la makina: “Talandira uthenga wanu.” Basi.

Mchimwene wake Tjerk, wokhala ku Zwolle, anaimba foni. “Ndinkanena ine. Ababa sangakhale m'nyumba yoti aliyense akhoza kulowa. Mwezi uno ukatha zisanakonzeke, ndikuwapezera malo.”

Loweruka nthawi ya khofi, Femke anafika panjinga kwa bambo ake, kompyuta ili m'chikwama, mtima uli pamoto. Anapeza Mayi Hilda Terpstra a khomo loyandikana atakhala kale patebulo, monga ankachitira Loweruka lililonse. Mayiwa anagwira ntchito zaka makumi atatu mu ofesi yolangiza anthu wamba pa zamalamulo, ndipo ngakhale atapuma, makutu awo sanapume nawo.

“Lero ndiwaonetsa akampani aja,” anatero Femke, akutsegula kompyuta asanavule n'komwe jekete. “Ndiika pa intaneti pulogalamu yawo yonse, pamodzi ndi pamene ndakonzapo. Aliyense aone, aliyense adzikonzere.”

“Khala pansi kaye, mwana wanga,” anatero a Douwe. “Khofi samwera chiimire.”

Mayi Terpstra anamukankhira chitini cha mabisiketi. “Femke, pulogalamu ukunenayo analemba ndani?”

“Akampani. Koma analemba zolakwika!”

“Zolakwika, inde. Koma ndi zawo. Lamulo la umwini wa zolembedwa limateteza pulogalamu monga limatetezera buku. Ukapeza cholakwika m'buku la munthu, sungalisindikize lonse n'kumagawira anthu ati chifukwa wakonza tsamba limodzi.”

“Ndiye ndikhale chete? Mumsewu uno mokha muli nyumba khumi ndi ziwiri za loko yemweyu!”

A Douwe anakanda m'mutu. “Imani kaye, a Hilda. Chitseko ndi changa?”

“Ndi chanu.”

“Loko ndi wanga?”

“Ali pakhomo panu, eya.”

“Koma nzeru za m'kati mwa loko ndi za eni ake?”

“Mwamva bwino.”

“Ha! Kale tinkangotulutsa kachingwe pa kabowo koponyera makalata ka pachitseko, ana akaweruka kusukulu n'kukoka, chitseko n'kutseguka. Kachingwe kanalibe loya.”

Femke sanaseke. Misozi inali italengeza m'maso. Kunena zoona, zimapweteka kumva kuti lamulo likuteteza ntchito yolakwika pamene nkhalamba ikugona ndi chitseko chosadalirika. Mayi Terpstra sanakane zimenezo.

“Nanenso lamuloli limandikwiyitsa nthawi zina,” anatero. “Ambiri odziwa ntchito ngati iwe amangosunga pakamwa poopa milandu. Koma taganiza. Ukaika pulogalamuyo lero, Lolemba maloya awo alembera eni tsamba la pa intaneti, aichotsa. Iwe uyamba kuyankha makalata. Pakati apo, mbava nazo zimawerenga intaneti. Zikhala zitaphunzira kale kutsegula, pamene Mayi Bouma a pa nambala 9, amene amaopa ngakhale limoti ya TV, sadzakonza kanthu. Kuthamanga sikufika, mwanawe.”

Femke anatseka kompyuta pang'onopang'ono. “Nanga ndichite chiyani?”

“Lamulo limateteza mawu amene iwo analemba. Sililetsa iwe kunena m'mawu ako zimene waona. Chenjeza anthu m'mawu osavuta: loko ali ndi vuto, zimitsani kaye zotsegula ndi foni. Usatchule njira yolowera, usakopere mzere ngakhale umodzi. Kenako ulembere ofesi ya boma yolandira malipoti a zofooka za makompyuta. Amenewo akagogoda, kampani siyankha ndi makina. Mizere yako inayi ija upereke kwa akampani okha, mwachinsinsi, ndipo mugwirizane tsiku loti akhale atakonza.”

“Nanga tikazimitsa, namwino azilowa bwanji?” anafunsa Femke.

“Kiyi wachitsulo alipo, si choncho? Ubwere naye kwa ine. Namwino azigogoda kwathu.”

“Hafu pasiti seveni tsiku lililonse?” anatero a Douwe. “Inu amene mumadzuka dzuwa litatopa?”

“Inu musandiyambe, a Douwe. Idyani bisiketi.”

Anachitadi zimenezo. Masana omwewo Femke analemba kapepala ka mizere isanu, n'kuyenda khomo ndi khomo. Anauzanso a bungwe losamalira okalamba, amene anachenjeza nyumba za m'misewu ina. Lolemba anatumiza lipoti ku ofesi ya boma ija. Pasanathe masiku atatu, munthu weniweni wa ku kampani anamuimbira foni, mawu ake ali amanyazi. Anapempha milungu isanu.

Milungu isanu ndi yaitali ngati mchimwene wako amaimba Lamlungu lililonse. Femke anamuchonderera Tjerk kuti adikire, iye n'kuvomera monyinyirika. M'mawa uliwonse Mayi Terpstra ankatuluka atavala gauni, tsitsi lili nyankhalala, kiyi ali m'manja, akung'ung'udza za mphepo ya kunyanja. Sanaphonyepo tsiku.

Pa mlungu wachisanu, kampani inatumiza pulogalamu yokonzedwa ku maloko onse nthawi imodzi, ngakhale a anthu amene sanamvepo za vutolo. Inatulutsanso chidziwitso chofotokoza cholakwikacho, n'kuthokoza Femke. Tjerk anawerenga, ndipo anangoti, “Chabwino. Ababa akhale.”

Femke anapalasa njinga kukawauza. Polowa kuchipinda kukawatengera juzi, anapunthwa pa chinachake kuseri kwa chitseko. Inali sutikesi yakale yabulauni. Atatsegula, anapezamo malaya anayi opindidwa bwino, lumo lometera, ndi chithunzi cha malemu amayi ake chokulungidwa m'thaulo.

Anaitulutsa pabalaza. “Ababa, ichi n'chiyani?”

A Douwe anayang'ana pawindo. “Ndinkalongedza kamodzikamodzi. Sindinkafuna kuti tsiku lopita ku nyumba ya okalamba likafika muvutike nane, kapena mukangane chifukwa cha ine.”

Femke anagwada pafupi ndi mpando wawo, n'kuwagwira dzanja. Analira, osabisa. “Simukupita kulikonse, Ababa. Chitseko chakonzedwa.”

Nkhalamba ija inayang'ana chithunzi chija. Kenako inaloza khoma. “Ndiye wabwezere amayi ako pamsomali pawo. Akhala m'thaulo milungu itatu, ndipo sakonda mdima.”

Phunziro lake ndi ili: ukapeza chofooka m'pulogalamu, usakhale chete, komanso usafalitse zolemba za eni ake, chifukwa lamulo la umwini likhoza kukutsekera njira anthu asanathandizidwe. Chenjeza anzako m'mawu ako, uza eni pulogalamu mwachinsinsi, ndipo akazengereza, kadandaule ku ofesi yoyenera. Pamene ukukayika, funsa wodziwa malamulo usanadine batani.