Fungo la M'takisi ya Miran

Madandaulo atakwana atatu, a kukampani ya matakisi anamuimbira Miran n'kumuuza mosapita m'mbali kuti wokwera wina akangodandaulanso za fungo, amuchotsa pa mndandanda wa madalaivala. Ndipo fungolo linalidi lochititsa manyazi. Chiyambireni mvula ya mu Julaye, akangoyatsa choziziritsa mpweya, m'galimoto monse munkamveka ngati kuseri kwa msika wa nsomba. Anachapa mipando, anapopera pefyumu, anaika makala pansi pa mpando, koma zonsezo sizinaphule kanthu.

Makaniko anali naye m'nyumba momwemo, bambo ake, a Pyo Deoksu, amene anakonza magalimoto mumzinda wa Daegu zaka makumi atatu. Koma zowapempha, bola kuyenda pansi. Miran atasiya ntchito kubanki chaka chatha n'kugula takisi, mkuluyo anaitenga masana ena kupita nayo kugalaja ya mnzawo, ati akaione bwino. Pobwerako anangomuponyera makiyi.

"Chiphakasa ichi. Chaka sichitha, ubwerera kubanki ukulira."

Mayi ake atati achite mwambo wa galimoto yatsopano, kuthira mowa wa mpunga pamatayala ndi kuikamo nsomba youma yokulunga ulusi woyera kuti ngozi zizilambalala, bambowo anaseka mpaka kutsokomola. "Munthu amapulumuka ndi mabuleki, osati nsomba." Mwambo unathera pomwepo.

Ndiye Loweruka m'mawa Miran anatsikira poimika magalimoto atakumbatira katoni ya fyuluta yatsopano ya mpweya. Kanema wa kasinthidwe kake anali atamuonera kasanu, ndipo mawu a mwini kanemayo anali atawaloweza ngati nyimbo. Anakhuthula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera, anamasula kandodo ka m'mbali, kenaka anafinya mbali zonse ziwiri. Kabokosi kanagwa pansi monga mmene kanagwera mu kanema, ndipo Miran anaomba m'manja yekha ngati kamwana. Kani ntchito imene anthu amaivalira ovolosi ndi yomweyi?

Anatsegula kachivundikiro n'kusolola fyuluta yakale. Inatuluka yakuda bii, yodzaza fumbi lachikasu, masamba ndi phiko la njenjete. Anaijambula, anainunkhiza, ndipo chimwemwe chinayamba kuzilala. Inkanunkha fumbi basi. Fungo lenilenilo linali likadali m'katimo, tsopano lamphamvu kuposa kale.

Anagwada, anayatsa tochi ya pafoni, analowetsa mutu. Diso louma linamuyang'ana.

Pamwamba pa malo a fyuluta, pachitsulo chopingasa, panali nsomba yokulunga ulusi woyera, itayasama kukamwa. Chinyezi cha mvula chinali chitaifewetsa mpaka kumera nkhungu. Amene anaimangirira sanali munthu wamba: anaizengereza tepi ya buluu ya magetsi katatu kumutu, katatu kumchira, n'kupinda nsonga yake kuti idzamatuke mosavuta. Miran anakula akuona tepi yopinda choncho pa njinga yake, pa chingwe cha ayironi, ngakhale pa chogwirira cha ambulera ya kusukulu.

Anakhala pansi pa simenti n'kuseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka.

Ntchito anaimaliza ndithu. Analowetsa fyuluta yatsopano, anapukuta chitsulo chija ndi viniga, anabwezera kabokosi, n'kuyatsa choziziritsa mpaka pamapeto. Mpweya unatuluka wozizira, wosanunkha kanthu. Anaika nsomba m'katoni n'kukwera masitepe awiriawiri, chikepe osachidikira.

Bambo ake anawapeza pakhonde akuthirira tsabola wa m'miphika. Anawaikira katoni pamapazi.

"Ababa, m'galimoto mwanga ndapeza wokwera wosalipira. Mukumudziwa?"

A Pyo anasuzumira, makutu n'kufiira. "Zimenezo ukafunse amako."

"Amayi tepi amadula ndi sizasi, ndipo sapinda. Munthu amapulumuka ndi chiyani paja, ababa? Ndikumbutseni."

"Pakamwa ngati amako." Anapitiriza kuthirira mphika womwe unali utasefukira kale. "Fyuluta wasintha wekha?"

"Ndekha. Nsomba yanuyi ikanandichotsetsa ntchito, mukudziwa? Anthu atatu adandaula."

Mkuluyo anaika pansi kathini kothirira. Nkhani ya madandauloyo sankaidziwa, ndipo inawapweteka moonekeratu. "Ndinkati youma siingavute. Za mvula sindinaziganize." Anakanda m'mutu. "Muvi wa pafyuluta wauyang'anitsa kuti?"

"Pansi."

"Hmm. Enatu amalozetsa kumwamba, amakaniko enieni." Anayang'ananso nsomba ija. "Chigulire takisiyi, chaka chikwana liti?"

"Chinakwana Lachiwiri."

"Ngozi?"

"Ngakhale kukalika."

A Pyo anawerama, ananyamula katoni ija ndi manja awiri ngati muli mazira, n'kuyamba kufunafuna nsapato ndi phazi.

"Ndiye nsombayi yagwira ntchito yake, usaitaye m'bini. Tiye undiperekeze kumsika tikagule ina, imeneyo tiimata m'pulasitiki." Atafika pakhomo anatembenuka. "Ndipo mita yowerengera ndalama uyatse. Ine sindikwera ulere takisi ya mwana wanga."