Firiji ya Bambo Zitheka

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino. Ndikuthokoza Mulungu amene watisunga mpaka takumana pano, ndikuthokozanso inu polola kumva za munthu amene simunamuonepo.

Pa koleji ina ya zaumisiri panali mphunzitsi amene aliyense ankangowatchula kuti Bambo Zitheka. Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Wophunzira akabwera ndi injini yakufa, iwo ankaigogoda ndi sipanala, n'kutchera khutu, n'kunena kuti, "Zitheka." Kutchalitchi ankaimba besi, ndipo kwaya ikasochera pakati pa nyimbo, mawu awo ndi amene ankaibweza m'njira.

Anzawo ankalemba mapepala a kafukufuku n'kumakwezedwa paudindo. Iwo theka la moyo wawo linathera pa chinthu chimodzi: firiji yosungira mankhwala m'zipatala za kutali kumene kulibe magetsi. Sinkafuna batire kapena mafuta. Dzuwa linkatenthetsa mapaipi pansi pa galasi, ndipo mapaipiwo akamazizira, madzi a m'bokosi ankaundana. Zojambula zake zinalipo, koma zinali za poyamba penipeni. Chaka ndi chaka ankapinda paipi apa, kupala valavu yotsekera mpweya apo, mpaka firiji yeniyeni inatsala m'zala zawo basi.

Kolejiyo inali yosowa zipangizo. Ukapempha valavu kuofesi, ankakuuza kuti udikire chaka chamawa. Choncho Bambo Zitheka anaphunzitsa anzawo mwambo umene unapulumutsa wekishopu yonse.

"Makina ongokhala ndi sitolo," ankatero. "Chitsulo chisagone pansi pa lona wina akuchifuna. Bwerekani, mudzabweza."

Iwonso mapaipi a mkuwa a firiji yawo anawamasula pa makina a mnzawo wina amene anamwalira.

Tsiku lina anthu a kufakitale ina anaimba foni. Anati akufuna kudzaona firijiyo ikugwira ntchito, ndipo akadzagwira madzi oundana ndi manja awo, adzayamba kupanga zambiri. Sabata yomweyo choko chinagwa m'dzanja la Bambo Zitheka ali pa bolodi, iwonso n'kugwa. Anadzuka ali kuchipatala, dzanja lamanja litafa, pakamwa patakhota. Mawu oyamba omveka amene anatuma kukoleji anali akuti munthu asayatse firijiyo mpaka iwo atabwera. Mkulu wa dipatimenti anaifunditsa lona, ndipo a kufakitale anavomera kudikira.

Mvula inabwera n'kupita. Madokotala anati sadzaphunzitsanso. Komabe tsiku la alendo litafika Bambo Zitheka anadzuka m'mamawa, ndipo akazi awo ndi amene anawamanga tayi.

"Mukundinyonga, mayi," anatero mwachibwibwi.

"Khalani phee, abambo. Pa ukwati wathu munabwera ndi girisi pa kolala. Lero lokha muoneke ngati munthu wophunzira."

"Munandikwatiwabe."

"Ndinkayesa mudzasintha. Ndinakwatiwa mitala ndi firiji."

Anaseka onse awiri, kenako anagwirana manja n'kupemphera. Mayiwo anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti thukuta la mwamuna wawo lisapite pachabe.

Pakhomo la wekishopu anawalandira mphunzitsi wa zamagetsi, amene kale anali wophunzira wawo, ndipo iwo ankamutchula kuti Waya chifukwa cha kuonda.

"Aphunzitsi! Mwanenepatu. Amayi akukudyetsani chiyani?"

"Zimene iwe umakana, Waya. Ukadali ngati mlongoti."

Fungo la mafuta ndi chitsulo chowotcherera linawalowa m'mphuno, ndipo misozi inalengeza. Anayenda ndi ndodo pakati pa mabenchi. Pakona, pafupi ndi chitseko chotulukira kudzuwa, lona inali itaima bwinobwino monga mkulu wa dipatimenti anaisiyira. Alendo awiri a kufakitale anali atafika kale, akucheza ndi mkulu wa dipatimenti.

"Lero tingoikonza n'kuitulutsa padzuwa," anatero mkuluyo monyadira. "Mawa m'mawa mudzagwira madzi oundana. Waya, vundukula."

Waya anakoka lona. Fumbi linakwera.

Panatsala felemu ndi bokosi. Galasi panalibe. Pamene pankakhala mavalavu panali mabowo. Mapaipi a mkuwa anali atadulidwa ndi sowo, tizidutswa tokha titatsalira m'mphepete ngati nthiti za nyama imene afisi amaliza.



"Akuba!" anakuwa akazi awo, amene anawaperekeza. "A bwana, itanani apolisi!"

Palibe amene anasuntha. Waya anayang'ana pansi.

"Si akuba, amayi," anatero. "Ine ndinabwereka geji yoyezera mpweya yokha. Ophunzira anga mayeso anali pafupi. Ndinangopisa dzanja pansi pa lona, sindinavundukule. Ndinkati ndibweza asanabwere."

Mphunzitsi wa zowotcherera, amene anaima kumbuyo, anatsokomola. "Ine kapaipi kamodzi. Kenako kena."

Mkulu wa dipatimenti anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Galasi lija lili pa makina oumitsira mbewu," anatero motsitsa mawu. "Ndinaona kuti likungokhala."

Aliyense anatenga pang'ono. Aliyense ankayesa kuti ndi yekha. Lona inkaonekabe yodzaza chifukwa felemu inkaigwira.

"Ndiye bwezanitu!" anatero mayiwo. "Mukuyang'ana chiyani? Si zili momwemuno? Tengani masipanala anuwo!"

"Tibweza zonse, amayi," anatero mkuluyo. "Lero lomwe."

Bambo Zitheka anayamba kuyenda m'wekishopumo, ndodo ikugunda pasimenti, onse akuwatsatira. Anaima pa mpope wothiririra wa ophunzira, n'kukhudza valavu ndi dzanja lamanzere. Inali yawo. Anaipala okha kwa miyezi kuti mpweya uzidutsa pang'onopang'ono. Tsopano wina anali ataiboola kuti madzi azithamanga. Paipi imene anaipinda ndi manja awo inali itawongoledwa, n'kuwotchereredwa pa thanki. Chilichonse chinalipo, ndipo chilichonse chinali chitasanduka china.

Mlendo wamkulu anayandikira mwaulemu. "Bambo, pepani kwambiri. Kodi mungaimangenso? Tikhoza kudikira pang'ono, koma osati kwambiri. Kuli enanso amene tikukaona."

Waya analumphira. "Zojambula zilipo! Aphunzitsi azingotiuza, ife manja tili nawo."

"Zojambulazo firiji yake sinkaziziritsa," anatero Bambo Zitheka. Mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi. "Ndinkamva ndi zala. Ndikapinda, zala zinkandiuza kuti basi."

Anayang'ana dzanja lawo lamanja, limene linali lende ngati la mwini wina.

Akazi awo anawagwira pamkono. "Abambo, auzeni alendowa. Nenani mawu anu aja."

Wekishopu yonse inadikira. Ngakhale ophunzira amene anasuzumira pawindo anadziwa mawu amene ankadikiridwa. Bambo Zitheka anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

Alendo anatsanzika bwino, ndipo galimoto yawo inatuluka pageti.

Waya anagwada pasimenti pa mafuta pomwepo. "Aphunzitsi, ndikalipireni. Nditukwaneni, chonde."

"Ndikutukwane chiyani, mwana wanga? Anakuphunzitsa ndani?" Anapuma. "Mapaipi aja ndinamasula pa makina a malemu. Maliro awo asanaiwalike. Mkazi wawo sindinamufunse."

"Koma inu munapanga nawo chinthu chabwino."

"Nawenso."

Anatembenukira kwa mphunzitsi wa zowotcherera. "Felemuyo ndi chitsulo chabwino. Isagone pansi pa lona. Tengani."

Pobwerera kunyumba mayiwo analira mu minibasi osabisa, mpaka kondakitala anasiya kuitana anthu. Atafika anamasula tayi ija, n'kuipinda, n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi.

"Tinapemphera, abambo," anatero. "Munamva nokha zimene ndinapempha."

"Ndinamva."

"Nanga Iye anamva?"

Funso limeneli ine sindiyankha m'malo mwa Bambo Zitheka. Ndikudziwa kuti amene amafesa ndi misozi analonjezedwa nyimbo, koma ndaonanso minda imene mwini wake sanakololepo. Kutali uko azamba akutayabe mankhwala owonongeka ndi kutentha, ndipo sadziwa kuti panali munthu amene anawaganizira theka la moyo wake.

Masiku ano bambowo amakhala pakhonde, ndodo ili pamiyendo. Kutchalitchi amapita, koma kwaya ikasochera, imasochera ndithu. Ophunzira awo akale akamadutsa mumsewu amakweza dzanja n'kufuula, "Zitheka, aphunzitsi!" Iwo amakweza dzanja lamanzere, n'kulibweza pabondo.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Ambuye asunge ntchito ya manja anu pamene inu simungathe kuilondera. Ndipo ngati mudzavundukula lona yanu n'kupeza mafupa okhaokha, Iye amene amawerenga misozi akhale nanu pafupi, akupatseni munthu wogwira mkono wanu, ndipo asakusiyeni nokha pakhonde. Ameni.