Tsiku Lolemekeza a Gubbay

Habiba anakhala patebulo lakutsogolo, manja atapinda pachifuwa, akuyang'ana nkhope za anthu amene anabwera kudzalemekeza mwamuna wake. Holo ya Ayuda a mu Singapore inadzaza ngati pali ukwati. Iye sanadabwe. Kumene kwaphikidwa mpunga wa nkhuku, anthu awa sachedwa.

Mwamuna wakeyo, Menashe Gubbay, anali atasamala laibulale ya gulu lawo kwa zaka zoposa makumi anayi. Anaipeza ili mulu wa makatoni onunkha nkhungu, odzaza mabuku a mapemphero amene makolo anabwera nawo kuchokera ku Baghdad, ena opulumuka pa nkhondo ya Ajapani. Anawapukuta, anawasoka, analimbana ndi chinyezi ndi njenjete mpaka msana unapindika. Tsiku limene Habiba anabereka mwana wawo Dalia, Menashe anafika kuchipatala khanda litasambitsidwa kale, ati denga la laibulale linkadontha. Ndiye lero ndi uyu, ali m'jekete lothina, thukuta lili kamukamu, akumwetulira aliyense ngati galu woponyeredwa fupa.

Woyamba kuyankhula anali a Selim Saltoon, wapampando wa gululo, mwini masitolo a ndolo ndi mphete.

"Abale anga, a Gubbay ndi nyale yathu," anatero, dzanja lili pamtima. "Ine ndemwe ndinakulira pakati pa mabuku awo."

Habiba anatsonya. Kukulira pakati pa mabuku! Munthu ameneyu ali mnyamata ankalowa mu laibulale pothawa dzuwa basi, ndipo ndi yemwe anapatsa Menashe dzina loti Njenjete, dzina limene ana ankamukuwiza nalo pamasitepe.

Kenako anaimirira Mayi Flora Shohet, misozi ili mbwembwembwe, kuthokoza kuti a Gubbay anaphunzitsa ana awo kukonda kuwerenga. Zoona zake n'zakuti ankawataya anawo mu laibulale, iwo n'kupita kokonzetsa tsitsi. Rabi watsopano, mtsogoleri wa mapemphero wochokera ku America, naye anayamikira kwambiri, koma dzina analitchula molakwika kawiri konse.

"Bambo a Dalia, mukuwamva achinyengowa?" ananong'ona Habiba.

"Chonde, mayi a Dalia, anthu akutiona."

"Azitiona. Maso ndi awo."

A Saltoon anabwereranso kutsogolo atanyamula chikho chagalasi. Atachipereka kwa Menashe, anakonza pakhosi nati ali ndi uthenga wosangalatsa. Mabuku onse akale apita ku laibulale ina yaikulu ku Yerusalemu. Chipinda cha laibulale yawo chikonzedwa kuti muzichitikira maphwando a ana, ndipo pakhomo pake padzalembedwa dzina la Menashe Gubbay.

Anthu anawomba m'manja, ena mpunga uli m'kamwa.

Ndiye nkhani yake inali imeneyi! Kumudyetsa munthu, kumupatsa kagalasi, kenako n'kumulanda moyo wake wonse pagulu. Habiba anatembenukira mwamuna wake. Lero lokha, anaganiza, lero lokha nkhosa iyi ilume munthu.

Menashe anaimirira pang'onopang'ono, atakumbatira chikho chija.

"Zikomo, a wapampando," anatero ndi mawu ake otsika. "Musawadandaule a komiti. Ndine amene ndinapempha kuti mabukuwa apite. Buku limafuna maso. Kuno maso anatha kalekale, kwatsala mano a njenjete. Kumeneko kuli ophunzira amene adzawatsegule."

Holo yonse inafa nalo phwete. Anthu ankaganiza kuti nkhalamba yaponya nthabwala. A Saltoon anaseka kuposa onse, mpaka kumenya patebulo. Anthu otukwanidwa masana dzuwa likuswa mtengo, iwo n'kumawomba m'manja! Habiba sanadziwe kuti anyansidwe ndi ndani kwambiri, iwowo kapena mwamuna amene anamubisira nkhani yotere akudya naye mbale imodzi.

"Tsopano timve kwa mayi athu," anatero a Saltoon, akumupatsira chokuzira mawu. "Mawu awiri okha, a Habiba."

Habiba sanaimirire n'komwe.

"Ndathokoza chifukwa cha maliro okongolawa," anatero. "Ndi mwayi waukulu kuti malemuyo adya nawo. Selim, mwana wanga, popeza unakulira pakati pa mabuku, udzabwere udzatithandize kuwanyamula. Laibulale ili m'mwamba, ukakwera masitepe ukhotere kumanzere."

Ena anaseka, ena anagwetsa maso m'mbale. Mayi Flora anafunsa mnzawo ngati a Habiba ayamba kusokonezeka mutu.

Potuluka anapeza mvula ikukhuthuka. Anakwera takisi, ndipo asanafike ndi pamphambano pomwe Habiba anayamba.

"Munayamba liti kukonza zimenezi?"

"Chaka chatha."

"Osandiuza ine?"

"Mukanamenya nkhondo, mayi a Dalia."

"Ndikanamenya, eya! Moyo wanga wonse ndakhala pamitala ndi mapepala amenewo. Tsiku la Sabata likangotha, inu liwiro kwa mkazi mnzanga. Mwana akadwala, inu muli kosoka zikuto. Ndinapirira poganiza kuti mwina ndi chinthu chachikulu. Lero mwamusudzula osandifunsa, ndipo mwalola kuti Selim akupatseni kapu yomwera madzi."

"Akanawola, Habiba. Ine maso akutha. Ndikafa ndani angawapukute?"

"Nanga simukanawauza mokalipa? Mwawatukwana mochita kugwada, mpaka akuthokozani."

Menashe anangoyang'ana pawindo. Woyendetsa takisi anakweza wailesi.

Ntchito yolongedza inatenga milungu ingapo. Mwa onse amene anawomba m'manja, palibe anakwera masitepe aja kudzathandiza. A Saltoon anatumiza makatoni ndi moni. Rabi anasuzumira kamodzi, anayetsemula, n'kubwerera. Amene ankabwera m'mawa uliwonse anali Habiba, atamanga kansalu kumphuno. Ankakulunga buku lililonse m'pepala lofewa, uku akutukwana komiti, fumbi, mawondo ake ndi mwamuna wake. Menashe ankati akanyamula buku n'kuyamba kuwerenga ali chiimire, iye ankamulanda.

"Mwawasudzula kale. Musawanyengererenso."

Katoni yomaliza itakwezedwa m'lole, Menashe anaima pamsewu mpaka loleyo inazimiririka. Habiba anamusiya alire pang'ono, kenako anamukoka mkono kuti angagundidwe ndi basi.

Patapita miyezi, chipinda chija chinapakidwa utoto wachikasu, ndipo phwando loyamba linali la mdzukulu wa a Saltoon. Anawaitana onse awiri. Habiba anati kuli bwino akazulitse dzino. Menashe anavala jekete n'kupita yekha.

Anabwerako madzulo atanyamula keke m'kapepala.

"Anawo anasangalala," anatero. "Mmodzi anandifunsa ngati ndine amene ndimapopa mabaluni. Mayi Flora akutumizirani iyi."

Habiba anayang'ana kekeyo, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Ndiye munapopa?"

"Awiri okha."

Habiba anapitiriza kusenda anyezi. Menashe anakhala pampando, anatsegula kapepala kaja, n'kudya kekeyo yekha.