Mlamu Womana

Telala anadziwa kuti zafika poipa tsiku limene mwamuna wake anayenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi kachidutswa ka singano kuphazi, osamva chilichonse. Singanoyo inathyokera pamashini osokera a Telala n'kugwera pansi, bamboyo n'kuiponda akufunafuna masokosi. Anaiona ndi mkaziyo, mwamunayo atavula nsapato n'kutambalala pampando, magazi ataumira kuchidendene.

Mwamunayo anali dalaivala wa basi, ndipo kudepoti ankamutcha Chigubu. Dzinalo ankalinyadira. Ankati mimba yake imafika pasiteji basi isanafike, anthu n'kumaseka, iye n'kumaseka kuposa onse. Koma kuchipatala nthabwala zinamuthera. Dokotala sanapite m'mbali: shuga anali atakwera, mapazi anali atayamba kufa, ndipo thupi likapitiriza kukula chonchi, phazi lidzadulidwa. Chigubu anayang'ana phazi lake lakumanja, lopondera buleki.

Choipa n'chakuti chenjezoli silinali loyamba. Kawiri konse Chigubu anawondapo, ndipo kawiri konse mafuta anabwerera atatengana ndi anzawo. Kuwonda kwake kunkakhala kwaukali, ngati munthu wokwiyira mimba yake yomwe: madzi a mandimu, kugona ndi njala, ndi tiyi wina wowawa amene ankamuthamangitsira kuchimbudzi. Pakapita miyezi ingapo, njala inkabweza chipongwe.

Tsiku lotsatira Telala anatembenuza mathalauza a yunifomu a mwamuna wake kuti awachape, ndipo anaona m'chiuno mizere ya timabowo ta singano, wina pambali pa unzake. Apa anabweza, apa anamasula, apa anabwezanso, apa anamasulanso. Yonseyo inali ntchito ya manja ake. Anakhala pansi, manyazi atamugwira, chifukwa anakumbukira chimene chinkachitika nthawi iliyonse asanamasule msoko. Kunkabwera alamu ake.

Alamuwo anali achemwali ake a Chigubu. Mayi awo atamwalira, iwowa akadali mtsikana, ndiwo analera mlongo wawoyo. Ankachapira anthu zovala, ndipo chakudya chikachepa ankanama kuti adya kale kuti mwanayo akhute. Kwa iwo, khosi la mlongo wawo likayamba kuoneka ndiye kuti umphawi uja wapezanso njira. Ankangolowa m'nyumba, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako n'kufunsa Telala mofatsa kuti, "Alamu, kodi m'nyumba muno moto unasiya kuyaka?" Funso limenelo linkamulasa Telala mpaka mumtima. Ankathamangira kukhitchini n'kukazinga chilichonse chokazingika, akudziuza kuti mlendo ndi mame. Mlendo ankapitadi, koma chiwaya sichinkatsikanso pamoto.

"Ulendo uno sitichita zamatsenga," anamuuza mwamuna wake madzulo amenewo. "Chimene simungathe kuchita mpaka mutamera imvi, tisachiyambe n'komwe."

"Ndiye mundipha ndi masamba?"

"Masamba sanaphepo mbuzi."

Anayamba ndi zazing'ono. Mbale yaikulu ya Chigubu, imene ana ankaitcha beseni, inapita pansi pa mashini kukasungira mabatani. Tiyi anayamba kuchepa shuga mpaka anatheratu, ndipo Telala ankamwa wowawa yemweyo, chifukwa ankaona kuti n'kulakwa kumana munthu iwe ukunyambita supuni. M'mawa ankamuikira chakudya m'kontena kuti zokazinga za kudepoti zimupeze atakhuta. Galimoto yakuntchito imene inkamutenga pakhomo anaiuza kuti isamabwerenso, ndipo Chigubu ankayenda wapansi, poyamba akupuma pa mlatho, kenako osapumanso.

Sikuti zinkayenda bwino masiku onse. Tsiku lina anabwera kolala ili mbuu ndi shuga wa madonasi, maso ali pansi ngati mwana woswa kapu.

"Basi, zawonongeka," anatero. "Ine ndine wosatheka."

"Ine ndikakhotetsa msoko umodzi sinding'amba diresi lonse," anayankha Telala. "Sambani m'manja, mudye zamadzulo monga mwa masiku onse."

Chaka chinatha. Pang'onopang'ono ndi mtolo: Chigubu anayamba kumanga yekha zingwe za nsapato, kulizanso mkonono kunachepa, ndipo dokotala anagwedeza mutu mokhutira. Anzake kudepoti anayesa kumupezera dzina lina koma linawakanika. Telala sanasangalale msanga. Kuwonda anali atakuonapo kale, ndipo ankadziwa kuti mayeso enieni adzafika atanyamula chikwama.

Anafikadi Loweruka lina masana, ndi zikwama ziwiri. Alamu anaima pakhomo, n'kuyang'ana mlongo wawo, ndipo moni anauiwala.

"Iwe, wadwala liti osandiuza?"

"Sindikudwala, achemwali. Ndiye ndachira kumene."

"Kuchira kotani khosi ngati la botolo?" Anatembenukira kwa Telala. "Alamu, kodi m'nyumba muno..."

"Moto ukuyaka, alamu. Lowani, mwatopa."

Sanafune n'kupuma komwe. Anavula nsapato, n'kulowa kukhitchini ngati kwawo, n'kutulutsa zimene anabweretsa: nyama yamafuta, batala, botolo lalikulu la zakumwa zotsekemera. Telala anawafotokozera za shuga, za phazi, za mawu a dokotala. Iwo ankangoti "eya, eya" uku akuthira mafuta m'poto. Fungo linadzaza nyumba yonse, ndipo Telala anaona mwamuna wake akuzungulirazungulira pakhomo la khitchini, akumeza mate.

Patebulo, alamu anakankhira pambali kambale ka masiku onse. Anatenga mbale yogawira, n'kuunjikamo mpunga ndi nyama mpaka msuzi kusefukira, n'kuiika pamaso pa mlongo wawo.

"Idya. Ine ndikadali moyo sudzagona ndi njala."

Chigubu anagwira supuni. Bambo wa ana atatu, woyendetsa basi yodzaza anthu, pamaso pa achemwali ake anali kamnyamata basi. Telala mantha anali nawo ndithu. Ankadziwa kuti mbale imodzi siidula phazi. Koma ankadziwanso kuti alamu akhala mlungu wonse, ndipo iye akalola lero, mawa adzayatsa yekha chiwaya kuti asaoneke woipa, monga anachitira kale.

Anaimirira, n'kutenga mbaleyo m'manja mwa mwamuna wake. Anapungulira pang'ono m'kambale kaja, n'kuwonjezera masamba, n'kumubwezera. Yotsalayo anaivundikira.

Ana anasiya kutafuna.

"Ukumulanda chakudya pakamwa, ine ndikuona?" anatero alamu. Ulemu wa "inu" unali utathawa. "Mwana amene ndinamulera ndi manja awa? Ndikauza abale onse kuti unakwatiwa kuti udzamuumitse. Aliyense adziwa kuti ndiwe mkazi womana."

"Kawauzeni, alamu," anayankha Telala. "Dzina limenelo ndinkaliopa, ndipo poliopa ndinatsala pang'ono kumudulitsa mwendo. Tsopano ndalilandira. Kuli bwino muziyenda m'makomo kunena za mlamu womana kusiyana n'kuyenda kukanena uthenga wa maliro."

Alamu anavundukula mbale ija, n'kuikankhiranso kwa mlongo wawo, maso ali pa iye yekha.

"Iwe ndiye unene. Ukufuna kapena sukufuna?"

Apa Telala analibenso chochita. Akanatha kubisa shuga ndi kulongedza kontena, koma pakamwa panali pa mwini wake. Anakhala pansi, manja ali pamiyendo, n'kudikira.

Chigubu anadya za m'kambale kake mosafulumira, mpaka anamaliza. Anayang'ana nyama ija nthawi yaitali, ndipo aliyense ankaona kuti akuifuna. Kenako anaika supuni pansi.

"Achemwali, ndakhuta."

"Wakhuta chiyani? Timeneti?"

"Ndakhuta. Ndinakhuta kalekale, kungoti ndinkaopa kukuuzani. Munandilera, ndakula, njala ija inatha. Inuyo idyani. Nthawi ija simunkadya, ndinkadziwa."

Alamu anayang'ana mbale imene inali patsogolo pawo, ndipo m'pamene onse anaona kuti munalibe kanthu. Anali atagawira aliyense, n'kudziiwala okha. Misozi inatsika, iwo osaipukuta.

Telala sanayembekezere kuti alamu amukhululukira, ndipo maso amene anamuponyera anasonyeza kuti nkhani ya mkazi womana ikafikabe kwa abale. Zinamupweteka, koma sanabwerere m'mbuyo. Anakoka mbale yaikulu ija, n'kusankha nyama yofewa, n'kuwagawira alamu ake. Iwo anakhala kanthawi akuiyang'ana, kenako anatenga supuni.