Thaulo la pa Mpando Wanga

"Tsokomolaninso," anatero mayi wa mafizo, dzanja lake lili pamimba panga.

Ndinatsokomola, ndipo chomwe ndinkaopa chinachitika pompo, pabedi loyala pepala loyera, pamaso pa munthu amene ndinali nditangomudziwa m'mawa womwewo. Mkodzo unatuluka osapempha chilolezo. Manyazi anandigwira, ndinayang'ana kudenga ngati kuli nkhani. Iye sanaphethire n'komwe. Anachotsa pepalalo n'kuyala lina, kenaka anandifunsa kuti zinayamba liti.

Zinayamba chibadwire mwana wanga wamzime, mtsikana amene anabwera ndi mutu wa bambo ake, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi anali atayamba kale sukulu. Zaka zonsezo ndikati nditsokomole, ndiyetsemule, ndinyamule ndowa, zovala zinkanyowa. Ine ndine telala, ndiye ndinadzisokera masiketi akuda okhaokha, anthu n'kumati ndayamba kudzilemekeza. Madzi ndinasiya kumwa, poganiza kuti chopanda kulowa sichingatuluke. Nzeru imeneyo ndi imene inandifikitsa kuchipatala, pokodza pakuwotcha ngati tsabola, ndipo namwino atamva zonse anandilozera kachipinda ka kumapeto kwa khonde, komwe ndinkayesa kuti kumapita othyoka miyendo okha.

Koma kutsokomola sikunali kanthu. Chimene chinkandiwawa ndi kuseka.

Amuna anga ndi ometa, ndipo anthu amawatcha Wailesi chifukwa pakamwa pawo sipazima. Ndinakwatiwa nawo chifukwa cha pakamwa pomwepo, poti nkhope ndiye ayi, tisanamizane. Madzulo aliwonse ankabwera ndi nkhani za anthu amene awameta tsiku limenelo, akutsanzira mawu, kayendedwe, ngakhale kakhosomoledwe kawo. Ine ndinkaseka mpaka kugwira khoma, oyandikana nafe n'kumadziwa kuti Wailesi wafika. Mwana uja atabadwa, kuseka kunayamba kundiyalutsa. Ndinaphunzira kuluma mlomo. Nkhani ikamafika pokoma ndinkanyamuka, ati kukaona ketulo, n'kukaima kukhitchini nditapanikiza miyendo.

Kenaka nkhani zinatha. Bambo ankafika, kusamba m'manja, kudya, kufunsa ana za kusukulu, basi. Chinthu chokha chatsopano chimene anabweretsa m'nyumba nthawi imeneyo ndi thaulo lakale labuluu la ku shopu, lomwe analipinda n'kuliika pa mpando wanga wa patebulo, ati thabwa ndi louma, lingandipweteke msana. Ine ndinaona ngati akundiwerengera kale ku gulu la nkhalamba. Tsiku lina mayi wina wodzayeza diresi anandiuza kuti podutsa pa shopu paja anamva chiphwete mpaka kumsewu. Mtima unandipweteka zedi. Ndinati wailesi siikhala chete, ngati siikulankhula kuno ndiye kuti pali nyumba ina imene ikulankhulako, ndipo ndinayamba kudikira tsiku lomwe adzandiuze.

Zonsezi sindinamuuze mayi wa mafizo tsiku loyambalo. Ndinangomuuza za madzi, iye n'kupukusa mutu. Anati mkodzo ukachepa umakhala waukali, umaputa chikhodzodzo, ndiye m'malo mochepa vuto limakula. Anatenga chidole cha mafupa a m'chiuno pa shelefu n'kundionetsa minofu yoyalidwa pansi pake, imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Anati yanga inatamuka pobereka, koma mnofu ndi mnofu, umaphunzira. Anapempha kaye ngati ndingalole kuti andiyeze mkati, ndipo nditavomera anavala magolovesi n'kundiuza kuti ndimange pansipo ngati ndikuletsa mpweya woipa pakati pa alendo.

Ndinamanga ndi mphamvu zanga zonse. Matako, ntchafu, mano, zala za kumapazi, mpweya ndinaugwira mpaka maso kutuluka.

"Mayi, mwamanga thupi lonse kupatula pomwe ndikufunapo," anatero akumwetulira. "Pumani. Simukunyamula kabati."

Tinayesa kangapo osaphula kanthu. Ndiye anandifunsa ntchito yanga, ndipo atamva anati ndiganize za kathumba ka chingwe pakamwa, kamene umakoka pang'onopang'ono mpaka pakamwa patsekeka, kenaka n'kukakweza m'mwamba pang'ono. Timatumba totero ndasoka tosawerengeka. Ndinatseka maso, ndinatulutsa mpweya, ndinakoka.

"Apo! Ndi pomwepo. N'kochepa, koma kalipo."

Misozi inalengeza m'maso mwanga, chifukwa ndinali nditaiwala kuti kumeneko kuli chinthu chondimvera. Anandichenjeza kuti kumasula n'kofunika chimodzimodzi ndi kumanga, poti mnofu wongokhala chomangika umatopa ndipo umayamba kuwawa. Anandiletsanso zimene mkulu wanga anandilangiza, zomadula mkodzo pakati pokodza, ati zimasokoneza chikhodzodzo.

Kuyambira pamenepo ndinali ndi ntchito ziwiri pa makina amodzi. Ndikasintha ulusi, ndimange ndi kumasula. Ndikamadikira simbi kuti itenthe, chimodzimodzi. Makasitomala ankandiona nditakhala phee, nkhope ya munthu woganiza za kolala, osadziwa kuti pansi pa siketi sukulu ili mkati. Botolo la madzi linabwerera pambali pa lumo. Milungu yoyamba sindinaone kusintha kulikonse, ndipo ndinabwerera kwa mayi uja nditakwiya, kumuuza kuti akunditayitsa nthawi. Iye anangondifunsa ngati mwana wanga anayenda tsiku lomwe anayamba kukwawa. Ndinangokwera pabedi.

Itadutsa miyezi ingapo, ndinatsokomola pa pepala lija n'kukhala louma. Ndinadumpha pang'ono pansi, louma. Anandiphunzitsa kuti ndizikoka chingwe chija chifuwa chisanafike, osati chitafika kale, ndipo kuyetsemula nakonso ndinayamba kukutchingira kutsogolo. Anati chatsala ndi kuseka, poti kuseka kumagwedeza mimba nthawi yaitali. Anayesa kundiseketsa yekha. Mayi ameneyo manja ake ndi odala, koma nthabwala zake zinali zomvetsa chisoni, moti tinangoyang'anana.

"Kunyumba kulibe amene amakuseketsani?" anafunsa.

Ndinati analipo.

"Akudziwa chimene mumabwerera kuno?"

Ndinati amadziwa kuti ndimabwerera za msana. Mayiyo sanandilalikire ayi. Anangonena kuti ndifunika munthu amene nthabwala zake ndingazione zikubwera, kuti ndizikoka nthawi ikadalipo. Ndinaganiza za nsidze ya kumanzere ya amuna anga, imene imakwera yokha nkhani ikatsala pang'ono kuphulika. Zaka zonse zija ndi nsidze imeneyo imene inkandiuza nthawi yothawira kukhitchini.

Linali Lamlungu masana, ana akusewera panja. Bambo anali patebulo, atayala nyuzipepala, akutsuka makina awo ometera ndi mswachi wakale n'kumadontheza mafuta pa mano ake. Ndinakhala pa mpando wanga, pa thaulo lija. Ndinayamba ndi za msana, ndinazungulira, ndinakafika ku mitengo ya ulusi, mpaka ndinadzitopetsa ndekha. Ndiye ndinangonena mosapsatira: kuti chibadwire mwana uja ndikaseka ndimadzinyowetsa, kuti kuchipatala sindipitira msana, ndipo kuti ngati iwo anapeza kwina kokasekera andiuze lero lomwe, ndisamve kwa anthu.

Mswachi unaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Zoyambazo ndimazidziwa, mayi," anatero motsitsa mawu.

Anati anazindikira kalekale, tsiku lomwe ankasimba za m'busa wogona pa mpando wometera. Ine nditathamangira kukhitchini, iwo anaona ponyowa pa thabwa la mpando wanga, anapukuta ana asanaone, ndipo m'mawa mwake anabwera ndi thaulo. Anadikira kuti ndiwauze. Nditapanda kunena, anaona kuti ndikufuna chikhale chinsinsi changa, ndiye anachisunga nawo.

"Ndinaona kuti nkhani zanga ndi zimene zimakuchotsani patebulo, chakudya n'kumazizira m'mbale. Ndinati bola ndikhale chete, inu mukhale pansi mudye nafe."

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinawauza kuti zaka zonsezi ine ndakhala ndikugona ndi mkazi wina m'mutu mwanga, ndamusokera ndi madiresi omwe, pamene iwo akanangotsegula pakamwa pawo paja pamene sipatsekeka kwa anthu ena onse. Anavomera kuti analakwa. Kenaka anati nanenso pakamwa ndinali napo. Ankanena zoona, mlandu unali wa tonse.

"Koma mkazi wina, mayi?" anatero akusisita dazi lawo. "Wometa wopanda tsitsi ndi nkhope iyi? Inu nokha ndi amene munapusa."

Kakuseka kanandithawa m'mphuno. Ndinakoka msanga, ndipo ndinakagwira. Ndinawauza zimene mayi wa mafizo ananena, kuti ndapatsidwa ntchito ya kunyumba ndipo mphunzitsi wake ndi iwo. Anapukuta mafuta m'manja pang'onopang'ono. Anati nkhani ali nazo zambiri, akhala akuzisunga, ndipo zina eni ake anamwalira. Anafunsa ngati ayambe ndi yaing'ono. Ndinati ayi, abweretse yaikulu.

Anasimba za chimphona china, msilikali wopuma, amene ankabwera mwezi uliwonse kudzameta n'kumauza shopu yonse kuti iye mantha sawadziwa, mfuti zinkalira iye akumwa tiyi. Bambo anatukula chifuwa, mawu anawatsitsira m'mimba, ndipo chimphonacho chinakhala nafe patebulo. Tsiku limenelo anali atachimeta mbali imodzi, nsalu ili m'khosi, pamene nalimata anagwa kuchokera kudenga n'kulowa m'kolala.

Nsidze ya kumanzere inakwera. Ndinatulutsa mpweya, ndinakoka chingwe changa.

Chimphona chija, ati, chinalira ndi mawu a kamtsikana kuitana amayi ake, chinagwetsa mpando, chinatulukira pakhomo nsalu ikuuluka kumbuyo, theka la mutu likuwala padzuwa. Bambo anachithamangira mumsewu makina ali m'manja, akukuwa kuti abwezeredwe nsalu yawo, anthu n'kumayesa kuti wometa wapenga akufuna kumeta munthu mokakamiza. M'mawa mwake chinabwerera chitavala chipewa, n'kunena mwaulemu kuti dzulo chinakumbukira msonkhano wofunika.

Ndinaseka. Kunatuluka kuseka kwanga kwakale, kwa chitsiru, kokhala ndi kulira kwa bulu kumapeto. Ndinamenya tebulo, botolo la mafuta n'kugwa, misozi ikutsika mpaka m'khosi, koma pansi ndinagwirabe, ndikumasula ndi kukokanso pakati pa mpweya monga anandiphunzitsira. Nditatsegula maso ndinaona mwana wamzime uja ataima pakhomo, chingwe chodumphira chili m'manja, maso ali tong'o.

"Ababa, amama akulira?"

"Ayi, mwanawe," anatero bambo ake. "Ndi mmene amasekera amayi ako."

Mwanayo anandiyang'anitsitsa ngati mlendo, kenaka anathamanga kukaitana akulu ake.

Ndinaimirira. Tonse awiri tinayang'ana pa mpando. Bambo anatola thaulo lija, analigwira ndi kuseri kwa dzanja monga amachitira asanaliike pakhosi pa munthu, analitembenuza, analigwiranso. Analikutumula kamodzi n'kuliponya paphewa, ati lakhala patchuthi nthawi yaitali, mawa likayambe ntchito ku shopu.

Ndinakhala pa thabwa lopanda kanthu. Linali louma ndithu, lozizira, ndipo kamsomali kena kanandibaya pantchafu. Ndinakokera mpandowo pafupi ndi tebulo, ndinadzithirira madzi odzaza kapu, ndinamwa onse.

"Nkhani ina," ndinatero.