Kamsitu ka Katope

"Ikamadzagwa mvula yoyamba ine ndidzakhala ndili m'nyumba yangayanga ya njerwa zootcha, ndipo apongozi akadzandifuna adzayamba aodira pakhomo ngati alendo."

Ndinanena mawu amenewa nditatsamira khasu, alamu anga a Laston akuseka chikhakhali. Ndinali nditatha zaka zisanu ndi chimodzi pachikamwini, kwawo kwa mkazi wanga Esinati, kuseri kwa Namitete. Mkamwini ndi mbuzi yobwereka: msipu idya, koma chingwe chili m'manja mwa eni. Nkhuku yanga ikaikira, dzira linkakhala la mbumba. Ndinkafuna khomo loti ndikatsokomola pasakhale wowerenga.

Midzi ya kumeneko inakhala mofanana yonse. Akuluakulu ankati makolo potsika kumapiri a Dzalanyama ankatsata madzi, ndipo akapeza mtunda wouma ankamanga, mtsinje kumaso, msitu wa manda kumbuyo. Misitu ina inathera m'zigafa za fodya ndi m'matumba a makala. Unatsala wa manda, ndi kamsitu kena ka mitengo ya katope m'mbali mwa mtsinje, kumunsi kwa potungira madzi. Dothi la pamenepo linali lofewa, lomata ngati chiponde. Njerwa zake ndinkaziona kale m'maso.

Ndinafunsa amuna anzanga chifukwa chake palibe anadulamo ngakhale mpini. Wina anati muli nsato. Wina anati amayi amasambamo. A Laston anangoti nka amayi kameneko, ndipo iwo chibadwire sanapondemo. Ine ndinati amuna a mudzi uno amaopa ndi chithunzithunzi cha chitenje chomwe. Pajatu ndinali munthu woyenda, wodya nyemba za m'maesiteti a ku Kasungu. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, koma dothi labwino silifuna satifiketi.

Esinati nditamuuza zokaumba njerwa m'kamsitumo anasiya kupeta. Anati ndikaumbe pachulu ngati anthu ena onse. Nditafunsa chifukwa, anangoti pamene paja ayi. Ndinamuseka kuti amutuma amayi ake, poopa kuti mbuzi ingadule chingwe.

Lolemba m'mawa ndinalowamo. Munali zii, mozizira ngati m'tchalitchi cha kumishoni pakati pa sabata. Mtsinje unali pomwepo koma sunkamveka. Ndinagwetsa katope mmodzi kuti ndipeze malo. Pansi panali timilu ting'onoting'ono, tosaposa mphika wovundikira, tina titamera ndere, ndipo ndinati imeneyi ndi ntchito ya mfuko. Ndinayamba kukumba ndikuimba mluzu, kungofuna kumva kuti ndilipo.

Dzuwa litakwera ndinamva mapazi. Amayi, mwina khumi ndi asanu, anabwera mondondozana, opanda ndowa, opanda nyimbo. Anakhala pansi mozungulira dzenje langa, miyendo atatambalitsa monga amakhalira pamaliro. Ndinayesa nthabwala. Ndinati ngati abwerera ganyu, ayambepo kuponda matope. Palibe anaonetsa dzino.

Apongozi anga aakazi, amene zaka zonsezo sanandiyankhulepo maso ndi maso, anandifulatira n'kuyamba kuyankhula ndi mtsinje.

"Muwauze akamwini kuti kumanda kuja kumapita anthu amene analirapo. Obadwa osalira timabwera nawo kuno, amayi tokhatokha, padothi lonyowa, ndipo sitikumba mozama kuopa kutseka mimba ya mayi. Amuna sitiwauza malo. Nchifukwa chake mudzi unakula mbali zonse koma sunatsikire kuno."

Mwambowo ndinkaudziwa, kwathu ku Nsaru uliko. Koma mwamuna amaudziwa ngati nyanja ya mchere, yongomva kwa anthu. Ndinayang'ananso timilu tija. Tinalipo tambiri, mpaka kuseri kwa mitengo, ndipo mayi aliyense maso ake anali pa kake.

Kenaka Esinati anaimirira. Chaka chimene ndinali ku Kasungu ndinalandira foni yoti iye ali bwino koma mwana wapita padera. Ndinati zimachitika, ndipo nditabwerako sindinafunse kanthu. Iyenso sananene kanthu. Tsopano anayenda pang'onopang'ono, akukhudza mtengo uliwonse ndi dzanja ngati akuwerenga, mpaka anafika pachitsa chatsopano. Kuchokera pamenepo anaponya mapazi atatu, n'kudzaima m'mphepete mwenimweni mwa dzenje, pamene khasu langa linali litazika mpaka mumpini.

Anagwada, n'kuika chikhatho padothi pambali pa khasulo.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, osandiyang'ana, "lizuleni pang'onopang'ono. Anali wamwamuna."